Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Ana anga ndi zidzukulu zanga, inu amene masiku ano mumakonda kuweramira tsamba lakumapeto la nyuzipepala kapena galasi la foni, pensulo ili pakamwa, nkhope itachita tsinya chifukwa cha timabokosi ta manambala tokana kudzazika, khalani pansi mumve mawu a nkhalamba. Pakuti ngakhale ena mwa akulu anzanga amayesa masewera amenewa ulesi ndi kutaya dzuwa pachabe, ine sinditero ayi, popeza ndidaona kuti mwana amene waphunzira kukhala phee pamaso pa funso lovuta kufikira funsolo litagonja, wadzikundikira chuma chimene mbala singachibe ndipo chiswe sichingachidye. Koma chilichonse chili ndi mwambo wake, ndipo mwambo wa masewerawa ndiwo ndifuna kukuuzani.

Musayese kuti zonsezi zidabwera ndi sukulu. Makolo athu ankaponyerana zilapi madzulo pamoto, ndipo wolephera kumasula ankalipa ng'ombe zapakamwa kuti auzidwe yankho. Ankakhalanso pansi pa mtengo nazinga bawo, thabwa lija la maenje 32 oyalidwa m'mizere inayi, ndipo mukapenyetsetsa katswiri wa bawo mudzaona kuti dzanja lake limachedwa pomwe maso ake ali pa liwiro: asananyamule mbewu m'dzenje, wayamba waziwerenga, waona pamene yotsiriza ikagwere, waona chimene akadye ndi chimene mnzake adzamubwezere. Waphuma ndiye amanyamula kaye, maganizo n'kubwera pambuyo. Apa ndiye pagona mutu wa malangizo anga onse: musaike kanthu pamalo musanapeze umboni wakuti mpake kakhale pamenepo. Monga mfumu yanzeru sigamula mlandu isanamve mboni zonse, chomwechonso inu musalembe nambala kapena kulumikiza kachidutswa chifukwa choti mtima wangokuuzani.

Yambani ndi kumva funso lonse mpaka kumchira kwake, pakuti ndagi zambiri za masamu sizivuta chifukwa cha kukula kwa manambala, koma chifukwa wozitchera adabisa msampha m'mawu. Tamvani iyi. Nkhono yagwera m'chitsime chakuya mamita 10; usana imakwera mamita atatu, usiku n'kutsetsereka awiri; kodi idzatuluka tsiku lachingati? Wothamanga mtima adzafuula kuti lakhumi, popeza imapindula mita imodzi patsiku, ndipo adzakhala atalakwa. Pakuti kukacha tsiku lachisanu ndi chitatu nkhonoyo ili pa mamita 7, ndipo ikakwera atatu a usana umenewo yafika pakamwa pa chitsime, moti usiku ukadza ili kale paudzu, palibenso potsetsereka. Akulu adanena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano mwambiwo wagwera pake penipeni.

Pali ndagi ina yakalekale imene ndifuna muisunge bwino, chifukwa yanyamula nzeru ziwiri. Munthu ali ndi kambuku, mbuzi ndi mtolo wa chigwada, ndipo afuna kuwoloka mtsinje pa bwato laling'ono lotha kusenza iye mwini ndi chinthu chimodzi chokha. Akasiya kambuku ndi mbuzi paokha, mbuzi yapita, akasiya mbuzi ndi chigwada, chigwada chatha. Ndagi imeneyi imakambidwa m'mayiko ambiri a mu Africa muno, ndipo ku Ulaya imapezeka m'buku la mafunso onolera nzeru za anyamata limene amati adalemba Alcuin wa ku York, mphunzitsi wa kubwalo la mfumu Charlemagne, cha m'ma 800, kungoti kumeneko m'malo mwa kambuku muli mmbulu ndipo m'malo mwa chigwada muli kabichi. Nzeru yoyamba ndi yakuti muzifuna pamene palibe kuchitira mwina, ndi kuyambira pomwepo: ulendo woyamba munthuyo sangatenge kambuku, sangatengenso chigwada, chotero mbuzi ndiyo iyenera kutsogola, ndipo pamenepa sipafunika kulota. Nzeru yachiwiri ndiyo imalepheretsa ambiri. Atawolotsa mbuzi abwerera yekha natenga kambuku. Koma pofika kutsidya sangawasiye awiriwo pamodzi, choncho aikwezanso m'bwato mbuzi ija adaivutikira kuiwolotsa, abwerera nayo, aisiya, atenga chigwada, abwerera yekha, ndipo pomaliza awolotsanso mbuzi: maulendo asanu ndi awiri. Anthu amakakamira pakatipo chifukwa mtima wawo sulola kubweza chimene chawoloka kale, namayesa kuti kubwerera m'mbuyo ndi manyazi, pomwe njira yokhayo yopulumutsira zonse zitatu idzera pamenepo.

Pa ndagi za manambala, musanayambe kuyesayesa, funsani chimene chiwerengero chonse chikukuuzani. Anthu a ku China ali ndi nthano yakuti m'masiku amakedzana mumtsinje wa Lo mudatuluka kamba wa madontho pamsana, oyalidwa m'timabokosi tisanu ndi tinayi, titatu uku titatu uku, kotero kuti mzere uliwonse, wopingasa, wotsika, ngakhale wochoka pangodya kunka pangodya inzake, unkapereka chiwerengero chimodzimodzi. Mukapatsidwa manambala kuyambira 1 mpaka 9 kuti muwayale chotero, mutha kusinthasintha mpaka tambala woyamba. Koma wodekha amayamba wawaphatikiza onse napeza 45, ndipo popeza mizere yopingasa ndi itatu yolingana, adziwa kuti uliwonse uyenera kukwana 15. Kenaka aona kuti kabokosi kapakati kamadutsidwa ndi mizere inayi, ndipo pa manambala onsewo ndi 5 yekha amene ali ndi magulu anayi a omuthandiza kufika pa 15, ndiwo 1 ndi 9, 2 ndi 8, 3 ndi 7, 4 ndi 6. Choncho 5 akhala pakati popanda wotsutsa. Timabokosi ta m'ngodya timadutsidwa ndi mizere itatu, ndipo manambala okhala ndi magulu atatu ndi 2, 4, 6 ndi 8. Zotsalazo zimangodziyala zokha: 8, 1, 6 pamwamba, 3, 5, 7 pakati, 4, 9, 2 pansi. Nzeru yomweyi amaisimba za Carl Friedrich Gauss wa ku Germany, wobadwa mu 1777, kuti ali mwana wasukulu, mphunzitsi atalamula kuti aphatikize manambala onse kuyambira 1 mpaka 100, iye adaona kuti woyamba ndi wotsiriza apanga 101, wachiwiri ndi wotsatana ndi wotsiriza apanganso 101, ndipo magulu otere alipo 50, nayankha 5050 anzake akadali kukanda pa masileti.

Njira zina ziwiri ndingozitchula mwachidule. Mukauzidwa kuti m'khola muli nkhuku ndi mbuzi, mitu 20 ndi miyendo 56, yerekezani kaye kuti zonse ndi nkhuku: miyendo ikadakhala 40, tsono 16 yotsalayo ndi ya mbuzi, iwiri yoonjezera pa mbuzi iliyonse, ndiye kuti mbuzi ndi 8 ndipo nkhuku ndi 12. Ndipo mukauzidwa za mayi amene adagulitsa theka la mazira ake m'mawa, theka la otsala masana, atatu nasweka, natsala ndi asanu, yambirani kumapeto kubwerera kuchiyambi: asanu otsala ndi atatu osweka aja apanga 8, asanagulitse masana adali 16, pochoka kunyumba adali 32. Mukapeza yankho, libwezereni m'funso muone ngati likwanira. Ambiri amataya mphotho pakhomo penipeni chifukwa cha kunyozera kachizolowezi aka.

Tsopano ndifike pa Sudoku, amene ndiye wagwira mitima ya ambiri a inu. Masewerawa adayamba kusindikizidwa ku America mu 1979, ndipo amati adawakonza ndi Howard Garns, katswiri wolemba mapulani a nyumba amene adali atapuma pantchito. Kampani ya Nikoli idawatengera ku Japan mu 1984, kumene adalandira dzina limene tikulidziwali, ndipo adafalikira dziko lonse nyuzipepala ya The Times ya ku London itayamba kuwasindikiza mu November 2004, atawabweretsa Wayne Gould, amene adali woweruza milandu ku Hong Kong. Muli timabokosi 81, ndipo lamulo ndi limodzi: nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 9 ioneke kamodzi kokha mumzere wopingasa, kamodzi mumzere wotsika, kamodzinso m'chigawo chilichonse cha timabokosi tisanu ndi tinayi. Inu amene mumaopa masamu musathawe, pakuti m'menemo mulibe kuphatikiza kapena kuchotsera. Mukadaikamo mbewu za mitundu isanu ndi inayi m'malo mwa manambala, palibe chikadasintha.

Kabokosi kalikonse kali ndi mboni zitatu, mzere wopingasa, mzere wotsika ndi chigawo chake, ndipo nambala isalowe kufikira zitatuzo zitavomerezana. Yambirani pamene padzaza kale, pa mzere wotsala ndi mipata iwiri kapena itatu, kapena pa nambala imene yaoneka kambiri, ndipo muilondole chigawo ndi chigawo: ngati 7 ali kale mumzere woyamba ndi wachiwiri, ndiye kuti m'chigawo chotsalacho ayenera kukhala mumzere wachitatu, ndipo mizere yotsika idzakuuzani mpando wake. Mafunso ofunsa ndi awiri, ndipo ambiri amadziwa limodzi lokha. Loyamba ndi lakuti, m'kabokosi aka mungalowe nambala iti? Lachiwiri ndi lakuti, nambala iyi ingakhale pati mumzere uwu? Kawirikawiri kabokosi kamaoneka ngati kangalandire manambala anayi, koma mukafunsa funso lachiwirilo mupeza kuti imodzi mwa inayiyo ilibe kwina kopita, ndipo nkhani yatha. Zikalimba, lembani timanambala tating'ono m'ngodya mwa kabokosi kusonyeza onse amene angalowemo, ndipo muzifufuta mosanyozera nthawi iliyonse pamene mwatsimikiza ina. Mukaona timabokosi tiwiri ta mzere umodzi tingalandire 3 ndi 8 basi, ngakhale simunadziwe kuti uyu akhala pati ndipo uyo pati, mwadziwa kale kuti mumzere wonsewo 3 ndi 8 sangakhalenso pena, choncho afufuteni kwina konse, ndipo mudzaona makomo ena akutseguka.

Koma chenjerani ndi kulota. Nambala yolowa mwabodza siilira nthawi yomweyo. Imakhala chete, nibala ina yabodza, iyonso nibala inzake, ndipo mudzazindikira kumapeto, mutatsala ndi timabokosi tiwiri, kuti mumzere umodzi muli ma 6 awiri. Zikatero musayese kuzigamba, pakuti cholakwa sichili pamene chaonekerapo; bwererani kufikira pamene mudali otsimikiza, ndipo ngati simukumbukira, fufutani zonse muyambirenso. N'chifukwa chake ndimakonda pensulo kuposa cholembera cha inki, ndipo amene amadzitama kuti iye salemba ndi pensulo ndimamukumbutsa za Ndadziwakale amene adamanga nyumba yopanda khomo. Sudoku wotcheredwa bwino ali ndi yankho limodzi lokha, ndipo mu 2012 Gary McGuire wa ku University College Dublin ndi anzake adatsimikiza ndi makompyuta kuti pamafunika manambala osachepera 17 operekedwa pachiyambi kuti yankho likhale limodzi. Komabe musayese kuti wa manambala ochepa ndiye wovuta nthawi zonse, pakuti kuvuta kumagona pa malo amene manambalawo akhala.

Ndagi zongofuna kulingalira nazonso zili ndi chinsinsi chake, ndicho kusanyoza yankho lakuti ayi. Mukauzidwa za abale atatu, ntchito zitatu ndi midzi itatu, kuti mupeze amene akhala kuti nagwira ntchito yanji, musasenze zonsezo pamutu. Jambulani mizere papepala, maina kumbali ndi ntchito pamwamba, ndipo paliponse pamene mwamva kuti sizingatheke ikanipo mtanda, pakuti mitanda iwiri pamzere wa mipata itatu yakuuzani kale choona popanda wina kuchitchula. Mukapatsidwa ndalama zachitsulo zisanu ndi zinayi, imodzi yachinyengo yopepukirapo, ndi sikelo ya mbale ziwiri imene muloledwa kuigwiritsa ntchito kawiri kokha, musazigawe pawiri monga achitira ambiri, koma patatu: zitatu mbale iyi, zitatu mbale iyo, zitatu pambali. Mbale imodzi ikakwera, yachinyengo ili m'menemo; zikalingana, ili pa zapambali zija. Tsono pa zitatu zokayikitsazo ikani imodzi uku, imodzi uku, imodzi m'manja, ndipo wachinyengo wagwidwa. Sikelo imayankha mitundu itatu, ndipo ngakhale ndalama imene siidakwere pa mbale yapereka umboni.

Za zithunzi zodulidwa tizidutswa, zimene m'masitolo amazitcha jigsaw, amati woyamba kuzigulitsa adali John Spilsbury, wojambula mapu wa ku London, amene cha m'ma 1760 ankamata mapu pa thabwa nalidula motsata malire a mayiko kuti ana aphunzire dziko. Pano ntchito yaikulu ndi ya kukonzekera, ndipo amene aipeputsa amataya masiku. Pezani thabwa kapena katoni yaikulu yoti muthe kuinyamula ndi kuisunga kutali ndi makanda, nkhuku ndi mphepo. Khalani poyera bwino, pakuti kuwala kwa koloboyi kumasokoneza mitundu. Tembenuzani tizidutswa tonse tiyang'ane kumwamba. Patulani tonse ta mbali imodzi yowongoka, mupeze tinayi ta m'ngodya, ndipo mumange mpanda wonse musanalowe m'kati. Kenaka gawani totsalato m'mbale monga mwa mitundu, ndipo muyambe ndi chimene chili chokhachokha m'chithunzimo, denga lofiira, nkhope ya munthu, zilembo. Thambo ndi madzi, m'mene zonse zimafanana, muzisiye kumapeto, ndipo pofika pamenepo lekani kuyang'ana mtundu, muyang'ane maumbidwe, kupatula ta mitu iwiri, ta mitu itatu ndi topanda mutu. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Koposa zonse musakakamize kachidutswa. Koyenera kamalowa mofewa osasiya mpata, ndipo kokakamiza kamalanda malo a kanzake, kotero kuti kumapeto mudzatsala ndi bowo limodzi ndi kachidutswa kamodzi zosagwirizana, n'kumanamizira wogulitsa. Ngati zogula zakwera mtengo, chitani monga Spilsbury: matani chithunzi cha kalendala yakale pa katoni muchidule, kapena jambulani mapu a Malawi muwadule motsata maboma ake 28, ndipo mng'ono wanu adzadziwa kumene kuli Chitipa ndi Nsanje asanafike m'kalasi yophunzira zimenezo.

Pali china chimene achinyamata sakonda kumva, koma ndichinena: ndagi zina zilibe yankho, ndipo kuzindikira zimenezo ndi nzeru yoposa kulimbikira. Mu 1880 anthu a ku America ndi ku Ulaya adatengeka ndi kabokosi ka timatabwa 15 tosuntha ta manambala, tofunika kutiyala mwandondomeko, ndipo pambuyo pake wotchera ndagi wina dzina lake Sam Loyd adalonjeza madola 1,000 kwa amene angakonze kabokosiko timatabwa ta 14 ndi 15 titasinthana malo. Anthu adatha mausiku, koma ndalamayo palibe adailandira, pakuti akatswiri a masamu adali ataonetsa kale mu 1879 kuti theka la mayalidwe a timatabwato silingakonzeke, ndipo limenelo lidali limodzi mwa iwo. Momwemonso anthu a mumzinda wa Königsberg ankafuna njira yodutsa milatho yawo isanu ndi iwiri, uliwonse kamodzi kokha, kufikira katswiri wa masamu Leonhard Euler adaonetsa mu 1736 kuti njirayo kulibe. Lamulo lake lingakuthandizeni pa masewera aja ojambula chithunzi pamchenga osanyamula chala ndi osabwereza mzere: werengani mphambano zimene pakumana mizere yosagawika pawiri, monga itatu kapena isanu, zikakhala kuti palibe, yambirani paliponse, zikakhala ziwiri, yambirani pa imodzi ndipo mudzathera pa inzake, zikaposa ziwiri, pukutani chala chanu, pakuti ngakhale mutagona pomwepo sizidzatheka. Pamenepa ndipatukeko pang'ono ndichenjeze anyamata amene amayesa kuti luso la manambala lingawathandize pa juga: ndagi idatcheredwa kuti wodekha aimasule, koma juga idatcheredwa kuti mwini wake apindule, ndipo palibe kuwerengera kumene kungasinthe zimenezo.

Mutu ukatentha, imirirani, katungeni madzi kapena kagoneni. Diso limene layang'ana malo amodzi nthawi yaitali limaleka kuona, ndipo kawirikawiri chimene chidakana usiku chimaonekera poyera m'mawa. Kufunsa mnzanu si manyazi, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo nthawi zambiri pongomufotokozera pamene mwakakamira mumapeza nokha pamene padakhota. Koma mukaima kumbuyo kwa mnzanu amene akulimbana ndi ndagi yake, gwirani pakamwa. Kumulankhulira yankho asanapemphe ndi kumulanda chakudya chili kukamwa, ndipo ngati wapempha, mupatseni funso lomutsogolera, osati yankho lathunthu. Chimodzimodzinso kabatani kaja ka pafoni koulula yankho, kapena tsamba la mayankho kumapeto kwa buku: kuliona mutalimbana mokwanira, ndi cholinga chodziwa njira imene idakuphonyani, ndi kuphunzira, kuliona musanatuluke thukuta ndi kudzinamiza nokha, ndipo mawa mudzakakamira pomwepo.

Ndikusiyirani iyi, zidzukulu zanga, ndipo yankho lake musandifunse. Muli pamjigo ndi zigubu ziwiri zopanda zizindikiro, china cha malita 5, china cha malita 3, ndipo amayi anu akufuna malita 4 osapitirira osaperewera. N'zotheka ndithu, ndipo mukawerenga kudzaza, kutsanulira ndi kukhuthula, kasanu ndi kamodzi kakwana. Mukaipeza, kaiponyereni ang'ono anu madzulo ano, ndipo muwapatse nthawi yoti avutike nayo.